Chaka Chimene Ndinakonza Ndekha Mpopi wa M'bafa

Nyumba imene tinkakhala pa mishoni inali ya mzungu wina amene anabwerera kwawo dziko litangolandira ufulu. Inali yakale, ya njerwa zootcha, ndipo pa mzere wonse wa nyumba za aphunzitsi ndife tokha tinali ndi bafa la m'nyumba. Linali chibafa chachitsulo choyera, cha miyendo inayi, chokhala ndi mipopi iwiri, wa madzi ozizira ndi wa madzi otentha. Wa madzi otenthawo sunkatulutsa kanthu, chifukwa mgolo wotenthetsera madzi kuseri kwa nyumba unali utabooka ife tisanabwere. Kukhitchini kunali sinki. Madzi ankachokera ku kasupe wa m'phiri, n'kutsikira m'thanki imodzi yomwe inkamwetsa nyumba zonse, sukulu, ndi chipatala chaching'ono kumene ine ndinkagwira ntchito ya unamwino.

Amuna anga ankaphunzitsa Sitandade 8. Tinali ndi ana awiri aakazi, wamkulu wa zaka zinayi, wamng'ono adakali kubere.

Anthu a boma anadzawatenga amuna angawo Lachiwiri m'mawa, m'kalasi, choko chili m'manja. Ine ndinali kuyeza ana pa sikelo, ndipo ndinangoona galimoto ikutsika msewu wa kutchalitchi osadziwa kuti muli ndani. Chifukwa chake palibe anandiuza. Ena ankanong'ona kuti pa msonkhano wa makolo anafunsa funso lokhudza makhadi a chipani. Ena ankati pali mnzawo amene ankafuna malo awo. Mpaka lero sindidziwa.

M'mawa mwake kunabwera atcheyamani a chipani a dera lathu. Anakana mpando, anaima pakhonde.

"Mayi, inu mukhale pompano. Ntchito muzigwira monga kale. Koma mukafuna kupita kulikonse, ngakhale pa Chimbiya kukagula tomato, muyambe mwandiuza ine."

"Nanga bambo ali kuti?"

"Ali m'manja mwa boma. Zimenezo musafunsenso."

Kuyambira tsiku limenelo pakhomo pathu panasiya kufika munthu. Palibe anatitukwana, palibe anatiloza chala. Anthu anangosintha njira. Kutchalitchi benchi imene ndinkakhala ndi ana inkakhala ndi malo mbali zonse ziwiri ngakhale pa tsiku la mgonero. Akazi a ahedi, amene nyumba yawo inayandikana ndi yathu, amene tinkalukana tsitsi ndi kupemphana mchere, anayamba kundipatsa moni ndi mutu wokha, maso ali kwina. Mayi anga ku Mayani anatumiza mawu kudzera mwa wodwala wina kuti ndisapite kumudzi, pakuti mlongo wanga anali kalaliki kuboma ndipo ntchito ikanamuthera. Sindinawade anthuwa. Nanenso ndikanakhala iwo mwina ndikanachita chimodzimodzi.

Mpopi wa m'bafa unkadontha kuyambira kale. Amuna anga ankati akaona kuti wanyanya, ankaumasula Loweruka n'kuikamo kalabala kodula ku tayala lakale, ine osasamala n'komwe kuti amachita bwanji. Itafika Juni, kuzizira kwa ku Dedza kutalimba, unayambanso kudontha. Ndinkangoumanga mwamphamvu, tsiku ndi tsiku kuonjezera mphamvu. M'mawa wina ndikusambitsa wamkulu, ndinapotokola chogwirira kuti nditseke, koma chinangozungulira, kuzungulira, osagwira kanthu. Madzi anapitiriza kutuluka, kukula kwake ngati chala changa.

Ndinayesa zonse zimene ndikanatha. Ndinamanga kukamwa kwa mpopi ndi chubu cha njinga, madzi anatulukira m'mbali. Ndinakhomeramo chitsononkho, chinafwamphuka n'kukamenya khoma. Panja, pakati pa nyumba yathu ndi ya ahedi, panali kabokosi ka njerwa kokhala ndi valavu yotsekera madzi, koma valavuyo inali imodzi ya nyumba zonse ziwiri. Ndikatseka, pakapita kanthawi ndinkamva madzi ayambanso kukhuthuka m'bafa, n'kudziwa kuti akazi a ahedi atsegula. Iwo akatsegula ine ndinkadikira kuti atunge, n'kukatsekanso. Tinachita zimenezi masabata angapo popanda kulankhulana liwu ndi limodzi lomwe.

Ndinapita katatu ku ofesi ya mishoni kukanena kuti anditumizire pulambala. Katatu konseko akalaliki anayankha osadzutsa mutu.

"Tamva, mayi."

Pulambalayo ndinkamudziwa bwino. Anali bambo wachikulire wa m'mudzi wina kunsi kwa Chongoni, amene ankabwera pa njinga m'mawa uliwonse ndipo anagwira ntchito pa mishoni kuyambira ine ndisanabadwe. Kale akamadutsa ankaima pakhomo pathu kumwa tiyi ndi amuna anga. Tsopano ndinkawaona akudutsa kuseri kwa sukulu, njira yaitali, bola asapondeko kwathu.

Pofika Seputembala kasupe anachepa mphamvu monga amachitira chaka chilichonse. Thanki inayamba kuuma dzuwa lisanafike pamutu. Kuchipatala mpopi unkangopuma mpweya, ndipo tinayamba kuchiritsa amayi ndi madzi a m'ndowa otunga kudambo. Ndinkasamba m'manja m'kabeseni, ndikudziwa bwino lomwe kumene madzi a chipatala akupita: akutsika m'bafa mwanga, kutuluka ndi paipi ya kuseri, n'kukanyowetsa nthochi. Anzanga a ntchito nawonso ankadziwa. Sankanena, koma ndowa akamaitula pansi ankaitula mwamphamvu.

Kenaka kunabwera kalata ya komiti ya mishoni. Inati madzi akuonongeka pa nyumba yanga, ndipo ngati sindikonza mwezi usanathe, adzadula paipi ndi kupereka nyumbayo kwa banja lina. Ndinaiwerenga nditaima m'khitchini, mwana ali kumsana. Anthu omwe akulephera kunditumizira pulambala ndi omwe akuti ndikonze. Akanditulutsa ndipita kuti, popeza kumudzi sakundifuna ndipo kuchoka pa mishoni sindiloledwa? Komanso ndinkaganiza kuti amuna anga akadzawamasula, kapena pakadzabwera uthenga uliwonse wa iwo, udzafikira pa nyumba imeneyi.

Ndinavala chitenje, ndinapita kwa atcheyamani. Ndinawapeza akusankha mbatata za kachewere pabwalo. Ndinagwada poteropo.

"Bambo, ndimapempha chilolezo ndipite kuboma tsiku limodzi."

"Kukatani?"

"Mpopi wanga waonongeka. Ndikafunse kusitolo ya zitsulo, mwina andithandiza."

Anaseka pang'ono, osasiya kusankha mbatata.

"Mpopi? Mayi, kuboma kuli maofesi ambiri. Munthu amati akupita kusitolo, kenaka timamva kuti anali kupolisi kufunsa mafunso. Pa mishoni pali pulambala. Kamuuzeni ameneyo."

"Sabwera, bambo."

"Ndiye ine ndimukoke?"

Ndinabwerera. Masiku amenewo ndinkadzaza bafa, migolo, mapoto, chilichonse chosunga madzi, kuti otayika achepe. Manja anang'ambika ndi kuzizira. Wamkulu anaphunzira kuthamanga kukandiuza kuti, "Amayi, ladzadza," ngati ndi masewera.

Sabata imeneyo, Lolemba, apulambala aja anabwera kuchipatala akutsimphina. Nkhwangwa inawaphonya akuwaza nkhuni n'kuwatema pamsongolo. Bala linali lakuya ndipo linali litayamba kutukusira, moti linkafunika kutsukidwa tsiku lililonse. Ntchito yotsuka mabala inali yanga. Anakhala pa benchi m'kachipinda kotsukira mabala, chitseko chili chotsegula pang'ono, ndipo kwa nthawi yaitali ankangoyang'ana mwendo wawo. Nditayamba kukulunga bandeji analankhula motsitsa mawu.

"Anamwino, mundikhululukire. Ndili ndi ana asanu ndi awiri."

"Ndikudziwa, bambo. Musadandaule."

"Chogwirira chikungozungulira osagwira?"

"Eya."

"Ndiye si labala ayi. Mazinga a kamtima atha."

Ndinawafunsa kuti kamtima n'chiyani. Anati ndi kachitsulo ka mkuwa ka m'kati mwa mpopi, kamene kamatsika ndi kukwera munthu akamapotokola chogwirira. Kumunsi kwake ndi kumene kumakhala kalabala kotseka madzi. Mazinga ake akatha, palibe kukonza kwina koma kuchotsa kamtimako n'kuikamo kena. Atangonena zimenezo panalowa mnzanga wa ntchito kudzatenga thonje, ndipo iwo anakweza mawu n'kuyamba kudandaula za ululu wa mwendo.

Malo okhawo pa mishoni yonse pamene munthu akanatha kukhala ndi ine osamukayikira anali pa benchi imeneyo. Lachiwiri anandiphunzitsa kumasula. Anagwira chala chawo chachikulu ngati mpopi, dzanja linalo likusonyeza: kasikuluwu ka pamwamba, kenaka chogwirira, kenaka kachivindikiro, kenaka nati yaikulu.

"Mukamamasula natiyo, dzanja lina ligwire mpopi. Mukapanda kutero mupotokola paipi m'khoma, ndiye zidzakhala zina. Kumasula ndi kumanzere. Mwamva? Tabwerezani."

Ndinabwereza ngati mwana wa sukulu, uku ndikuthira mankhwala pabala. Lachitatu anandiphunzitsa kubwezera, ndi kukulunga ulusi pa mazinga kuti madzi asatulukire m'mbali. Lachinayi sanalankhule kanthu za mpopi mpaka poimirira.

"Ndaiwala kanthu pansi pa benchi. Musandikumbutse."

Kanali kamtolo ka chiguduli. M'kati munali sipanala yaikulu yosinthika kukamwa, ndi kamtima kakale koma ka mazinga abwino, kamene anachotsa pa mpopi wina wotayidwa. Ndinakabisa m'munsi mwa thumba langa, pamwamba n'kuikapo matewera a mwana.

Ndinasankha Lamulungu m'mawa, nthawi imene mzere wonse wa nyumba umakhala uli kutchalitchi. Belu lachiwiri litalira ndinasuzumira pazenera mpaka ndinaona ahedi ndi banja lawo akhota pa ngodya ya sukulu. Ndinagoneka wamng'ono, wamkulu ndinamupatsa zitsekerero za mabotolo kuti azisewera pakhomo la bafa. Ndinakatseka valavu, ndinavula nsapato, ndinalowa m'bafa n'kugwada.

Kasikuluwu ndinakamasula ndi nsonga ya mpeni. Chogwirira chinakana kuzuka, chinali chitamatirira ndi zoyerayera za madzi, mpaka ndinachigogoda chamunsi ndi mthiko. Kachivindikiro sikanavute. Koma nati yaikulu ija sinasunthe n'komwe. Ndinakoka, sipanala inaterereka, ndinadzigunda chala pa mpopi mpaka khungu linasupuka. Ndinathirapo parafini n'kudikira. Kutchalitchi ankaimba, mawu ankamveka bwinobwino kudzera pa kazenera ka bafa, ndipo ndinkadziwa dongosolo lonse la mapemphero, moti nyimbo iliyonse inkandiuza nthawi imene yanditsalira. Pa nthawi ya ulaliki ndinaponda phazi m'mbali mwa bafa, dzanja lina litagwira mpopi monga anandiuzira, n'kukoka ndi thupi lonse. Natiyo inalira kamodzi n'kugonja.

Kamtima kanatuluka kakuda, konyowa, mazinga ake atasalala ndithu. Ndinatenga kamene anandipatsa apulambala n'kukalowetsa. Kanangogwera m'kati khwekhwerere. Kanali kakang'ono. Ndinakatembenuza, ndinakulungapo ulusi wambiri, koma sikanagwire.

Ndinakhala pansi m'bafamo. Tsopano zinali zoipa kuposa poyamba. Mpopi unali pululu, ndipo munthu akanatsegula valavu madzi akanathovokera kudenga. Kubwezera kakale kuja kunali kubwerera ku mavuto omwe aja, masiku a kalata ya komiti akutha. Wamkulu anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Amayi, mwapweteka?" Ndinati ayi. Ndinali nditatsamira khoma, maso ali pa mipopi iwiri ija, ndipo m'pamene ndinaona chinthu chimene ndinkachiona tsiku lililonse: mpopi wa madzi otentha unali wofanana ndendende ndi mnzakewo, ndipo kwa zaka zonsezo palibe ankaupotokola.

Ndinaugwira ndi mantha, chifukwa za umenewu sanandiphunzitse. Parafini, kudikira, phazi m'mbali mwa bafa. Kutchalitchi anayamba nyimbo ya chopereka. Nati inamasuka, ndipo kamtima kake kanatuluka kouma, kobiriwira pang'ono, mazinga ake akuthwa ngati atsopano. Kalabala kokha ndiko kanali katauma n'kung'aluka. Ndinathamangira kuchipinda kukatenga kachitini kamene amuna anga ankasungamo misomali, ndipo ndinapezamo chidutswa cha tayala chimene ankadulako. Panali mabowo atatu ozungulira, pamene iwo anadula. Ndinadula lachinayi pambali pake ndi lumo.

Ndili pakati pokulunga ulusi ndinamva anthu akubwera m'njira, kenaka chitseko cha kwa ahedi. Patapita kanthawi kunamveka mapazi kuseri kwathu.

"Odi."

Anali akazi a ahedi, atavalabe za kutchalitchi. Kwa miyezi yonse ija aka kanali koyamba kumva odi pa nyumba imeneyo. Wamkulu anawalozera kubafa. Anafika pakhomo n'kundipeza nditagwada m'bafa, diresi litanyowa, chala chikutuluka magazi, zitsulo zili mbwee pa thaulo. Anayang'ana ine, anayang'ana sipanala. Sipanala imeneyo aliyense pa mishoni akanatha kuizindikira.

"Kwatsala pang'ono?" anafunsa.

"Pang'ono."

"Ndikaima pa valavu. Mukakonzeka mugogode zenera, ndizitsegula pang'onopang'ono."

Ndinamanga nati, ndinabwezera chogwirira, ndinagogoda. Paipi inatsokomola, madzi anabwera, ndipo anayamba kutumphukira m'mbali mwa nati. Ndinagogoda kawiri, anatseka. Ndinamasulanso, ndinaonjezera ulusi wopaka sopo, ndinamanga mwamphamvu. Ndinagogodanso. Madzi anatuluka bwinobwino kukamwa kwa mpopi. Ndinapotokola chogwirira kumanja, ndipo ndinachimva chikugwira, chikulimba. Madzi anasiya. Ndinaika dzanja pansi pa mpopi n'kudikira, koma silinanyowe.

Nditasuzumira pazenera, akazi a ahedi anali atafika kale pakhonde lawo. Sanatembenuke. M'mawa mwake anandipatsa moni wa mutu uja monga kale.

Kamtima ka apulambala sikanapite pachabe. Mpopi wa pa sinki nawo unali utayamba kudontha, ndipo madzulo a tsiku lomwelo, akazi a ahedi atatunga madzi awo, ndinauyesa. Kanakwana bwino. Kakale kosalala kaja ndinakaika mu mpopi wa madzi otentha kuti pasaoneke bowo.

Lolemba kuchipatala madzi anafika mpaka madzulo. Apulambala sanabwere tsiku limenelo, choncho sipanala inagonanso kwathu.

Lachiwiri masana ndikuweruka ndinapeza atcheyamani pakhonde, ali ndi amuna awiri.

"Tamva kuti mpopi wakonzedwa. Analowa ndani m'nyumba muno?"

"Palibe, bambo. Ndakonza ndekha."

"Inuyo? Munthu wamkazi?"

"Eya."

"Tiyeni mukationetse."

Analowa ndi nsapato zawo mpaka kubafa, amuna atatu m'kachipinda kamene ndinkasambiramo. Mmodzi anapita kukatseka valavu. Ndinagwada, ndinamasula kasikuluwu, chogwirira, kachivindikiro, nati. Ndinatulutsa kamtima n'kuwaonetsa, ndinakabwezera. Sindinalakwitse. Atcheyamani anapotokola okha mpopi kangapo, kutsegula ndi kutseka.

"Anakuphunzitsani ndani?"

"Ndinkaonerera bambo a ana akamakonza."

"Nanga sipanalayi?"

"Ndi yawo."

Anaitembenuza m'manja nthawi yaitali. Sindikudziwa ngati anaizindikira. Mwina anaizindikira n'kusankha kusanena.

"Katundu wa munthu amene ali m'manja mwa boma sayenera kukhala chonchi. Tikasunga ife."

Anaiika m'thumba la jekete n'kumapita.

Lachitatu apulambala atakhala pa benchi ndinawauza zonse, maso ali pa bandeji. Ndinadziwa kuti sipanala imeneyo inali yawoyawo, osati ya mishoni, ndipo analibe ina yotero. Iwo anafunsa.

"Munati ndi ya aphunzitsi?"

"Eya."

"Mwachita bwino. Ikhale komweko." Anapumira m'mwamba. "Nanga kamtima kanakwana?"

Ndinawauza kuti kanali kakang'ono, ndipo ndinachotsa ka mpopi wa madzi otentha. Anandiyang'ana kumaso koyamba chiyambire, n'kuseka mopanda phokoso mpaka mapewa anagwedezeka.

"Ine zaka zonsezi sindinaganizeko zimenezo."

Bala lawo linapola sabata yotsatira, ndipo sanabwerenso. Anapitiriza kudutsa kuseri kwa sukulu.

Za kalata ya komiti sizinamvekenso. Nyumba inakhalabe yathu, koma china chilichonse chinakhala mmene chinalili. Mvula inabwera, ndinalima kadimba kuseri, ndinakolola. Kuyenda kwanga kunali kochoka kunyumba kupita kuchipatala, kuchoka kuchipatala kupita kutchalitchi, basi. Sopo ndi mchere ndinkatuma odwala ochokera kutali amene sankadziwa nkhani yanga. Bambo anga aang'ono atamwalira ku Mayani ndinapempha chilolezo, ndipo chinabwera maliro ataikidwa kale.

Amuna anga anabwera dzinja lachiwiri litatha. Anatsika basi pa Chimbiya n'kuyenda wapansi, ndipo ndinawapeza atakhala pa sitepe ya khonde ndikuchokera kuntchito, atavala malaya omwe anawatenga nawo. Anali ataonda, mano awiri a kutsogolo kulibe. Sanalowe m'nyumba mpaka ine nditafika, ngakhale chitseko chinali chosakhoma. Za kumene anali sanafotokoze, tsiku limenelo ngakhale pambuyo pake.

Pasanathe sabata kunabwera uthenga wakuti saloledwa kuphunzitsanso, ndipo tichoke pa mishoni tipite kumudzi. Ntchito yanga inathera pomwepo. Tinakweza katundu pa lole ya munthu wina wogula mbatata, ndipo tinafika ku Mayani dzuwa likupendeka. Mayi anga anatipatsa kanyumba ka udzu kamene ankasungiramo fodya, ndi munda kutsidya kwa dambo.

Wamkulu anawakumbukira bambo ake ndipo sanachedwe kuzolowera. Wamng'ono ankawathawa. Akafuna kunena za iwo ankati "alendo aja," ndipo akamadya ankabisala kumbuyo kwanga. Iwo sanamukakamize. Ankamusemera tizidole ta mitengo, n'kutisiya pa mphasa. Tinali titakolola kale chimanga choyamba cha m'munda uja pamene tsiku lina, ndikupeta panja, ndinamumva akuwaitana kuti ababa, kuti adzamuchotse minga kuphazi.